Kamapu ka kuseri kwa khadi la chinkhoswe

Kuseri kwa khadi loitanira anthu ku chinkhoswe china cha ku Area 10 kuli kamapu kosaposa chikhatho. Kanajambulidwa mu Microsoft Word, ndipo muli zochepa: mzere umodzi wonenepa, mizere itatu yowonda, kabwalo kozungulira, timabokosi tinayi, mivi iwiri ndi nyenyezi. Mawu ake ngowerengeka. Koma mukakayang'anitsitsa, kakukuuzani momwe anthu a mu Lilongwe amalozerana njira, ndiponso pomwe panalekezera luso la amene anakajambula.

Mzere wonenepawo ndi wokhawo uli ndi dzina: Presidential Way. Itatu inayo ilibe. Wina angati wojambula anaiwala, koma ine ndikuti anachitira dala, ndipo anakhoza. Misewu ya mu Area 10 ili ndi mayina, inde, koma mlendo wochokera ku Kawale kapena ku Mitundu sayendera mayinawo. Manambala a maeriya nawo amasocheretsa: Area 10 inagundana ndi Area 43, pomwe Area 9 ili kutali, cha ku msewu wa ku Mchinji. Chikhalireni Lilongwe likulu la dziko mu 1975, anthu akhala akulozerana njira ndi zimene diso likuona. N'chifukwa chake m'timabokosi tija mwalembedwa Nyumba ya Malamulo, malo omwetsera mafuta, mpanda wa njerwa zofiira, ndi geti lakuda. Palibe bokosi la nyumba yeniyeniyo. Ku mayadi nyumba siioneka uli pamsewu. Chimene mlendo amafikira ndi geti, ndipo nyenyezi ija ikuimira getilo.

Onaninso kuti misewu yonse yawongoka, pomwe kumaloko imakhotakhota. Word ili ndi chida cha Curve chojambulira mzere wokhota, koma mnzathuyu anachisiya. Chimene akufuna n'chakuti mudziwe chobwera patsogolo ndi chotsatira, osati kutalika kwa mtunda. Ndi nzeru yomwe Harry Beck anatsata pa mapu a sitima zapansi za ku London amene anatuluka mu 1933: anawongola njanji kuti wokwera angowerenga masiteshoni motsatana.

Zida zimene anagwiritsa ntchito zikudziwika ndi maonekedwe ake. Zonse zachokera pa Insert, kenako Shapes, pomwe pali mndandanda wa mizere, mabokosi, mivi ndi nyenyezi. Ambiri amasokera apa, chifukwa amafunafuna mawu oti Draw. Amene anazolowera Word 2003 amakumbukira kuti zida zojambulira zinkakhala m'munsi mwa sikirini. Word 2007 itabwera inazisamutsira pamwamba, pansi pa Insert. Draw ilipo m'ma Word atsopano, ndipo ikabisika mumaitulutsa kudzera pa File, Options, Customize Ribbon. Komatu zolembera zake zimayenda bwino pa sikirini yokhudza ndi chala kapena peni yake. Pa makompyuta a m'mashopu otaipira ku Old Town, pomwe pali mausi yokha, mzere wake umatuluka wonjenjemera ngati wa mwana wa Sitandade 1. Mizere ya pa khadili ndi yowongoka bwino, ndipo kabwalo ka raundabauti n'kozungulira ndendende: chizindikiro choti pojambula kabwaloko anali atapanikiza Shift.

Tsono cholakwa chili pa muvi wachiwiri, ndipo ndi chimene chimandiwawa. Muviwo umayenera kuloza geti lakuda, koma watsetsereka pang'ono n'kuloza pakati pa mpanda ndi geti. Nyenyezi nayo yatsika, yakwera pa mawu a m'munsi. Pa pepala ndi kamtunda kochepa kwambiri. Pamsewu ndi nkhani ina: mapuloti a ku Area 10 ndi aakulu, ndipo gogo amene watsika minibasi atasenza lichero la mphatso angagogode pa geti la eni ake, n'kubwezedwa ndi mlonda dzuwa likuswa mtengo.

Chinachititsa sichovuta kuchipeza. Mu Word, chojambula chilichonse chimayandama pachokha, chitamangirizidwa ku ndime ina ya mawu. Khadili likuoneka kuti linawonjezeredwa mzere pamwamba, mwina wa manambala a foni a akomiti, ndiye zojambula zomangirizidwa ku ndime za m'munsi zinatsika nazo, zinzake n'kutsala. Wojambula ankadziwa kusankha zida, koma sankadziwa kuzimanga pamodzi. Akanatsika mpaka kumapeto kwa mndandanda wa Shapes akanapeza New Drawing Canvas, bokosi lomwe zonse zojambulidwa m'kati mwake zimasunthira limodzi. M'bokosimo muvi umatha kulumikizidwa ku kabokosi, kotero kuti kabokosiko kakasuntha muvi umatsatira. Njira ina ndi kudina zojambula zonse mutapanikiza Shift, kenako n'kusankha Group. Wogwiritsa ntchito Google Docs vutoli limamuchepera, popeza Insert, Drawing imatsegula bwalo lakelake lojambuliramo. Mu LibreOffice Writer zidazo zili pa View, Toolbars, Drawing, ndipo Group iliponso.

Achinyamata adzati bwanji osangotumiza lokeshoni pa WhatsApp. Atumize ndithu. Koma chinkhoswe n'cha ankhoswe, amalume ndi azakhali, ndipo ambiri mwa iwo foni zawo ndi zamabatani, ena bandulo alibe. Kwa iwo pepalali ndiye njira yonse. Amene wapatsidwa ntchito yojambula kamapu kotere amange zojambula zake pamodzi, asunge khadilo ngati PDF asanapite nalo kosindikiza kuti kompyuta ya kumeneko isasunthe kanthu, ndipo asindikize limodzi kaye, alipatse munthu amene sanafikeko ku nyumbako kuti alondole ndi chala kuyambira pa Nyumba ya Malamulo mpaka pa geti.