Mzuzu ndi Malo Ace Opatulika

Ambiri a inu mudafikako ku Mzuzu. Wina apitako kukagula nsaru ndi mbeu, wina kukazonda wodwala ku cipatala cacikuru, wina kuperekeza mwana ku sukulu. Akabwera kumudzi atisimbira mitengo ya katundu ndi kucuruka kwa magalimoto. Tikamfunsa ngati anaonako malo okumbutsa za Mulungu kapena za makolo, ayankha kuti Mzuzu ndi mudzi wa dzulodzulo, ulibe za kale. Mau amenewa tifuna kuwayesa mwezi uno, pakuti amveka oona, koma asoceretsa anthu.

Kuti Mzuzu ndi mwana, sitikana iai. Mudziwu unayamba ndi munda wa mitengo ya tung, imene njere zace ayenga mafuta opangira utoto, ca m'caka ca 1947, ndipo unalandira ulemu wa mzinda m'caka ca 1985. Ziripo nkhalamba lero zimene zinabadwa Mzuzu asanakhale. Koma kodi malo apatulika cifukwa ca kukalamba kwa njerwa zace? Kuti tiyankhe bwino, tiyambe tayang'ana kutali, ku dziko la Japan.

Kumeneko kuli mzinda wa kugombe dzina lace Nagasaki. M'caka ca 1597 Akristu 26 anapacikidwa pamitanda pa kaphiri ka mumzindamo, ndipo m'caka ca 1614 olamulira analetsa Cikristu m'dziko lonse. Okhulupirira otsala anabisala, nabatiza ana ao okha, naphunzitsana mapemphero monong'ona, popanda mbusa, zaka zoposa 200. M'caka ca 1865 ena a iwo anadza ku nyumba yopemphereramo ya ku Oura, nadziulula kwa wansembe wocokera ku France. Pambuyo pace anamanga kacisi wamkuru ku Urakami, amene anapasuka ndi bomba la 1945. Amene aima pamenepo lero anamangidwa m'caka ca 1959, ndipo cikumbutso ca ophedwa 26 aja anaciimika m'caka ca 1962. Taonani, zonse ziwirizi nzazing'ono kwa Mzuzu pa kubadwa. Cinkana Akristu a ku Japan ali owerengeka, ngati mmodzi mwa anthu 100, alendo adza kucokera kutali kudzaona malowa, cifukwa eni ace anasunga mbiri, naiuza ana ao, nailemba poonekera.

Tsono tibwere kwathu. Caka comweco ca 1947 Akatolika anapatula cigawo ca kumpoto kuti cikhale ndi mtsogoleri wacewace, ndipo m'caka ca 1961 cinasanduka Dayosizi ya Mzuzu, Episkopi woyamba ndiye Jean-Louis Jobidon wa ku Canada. Mpando wa Episkopi uli m'kacisi wa St. Peter. Sinodi ya Livingstonia nayonso iri ndi likuru lace mumzinda momwemo, ndipo mizu yace siiri patali: ulendo wa makilomita monga 20 ukufikitsani ku Ekwendeni, kumene Dotolo Elmslie anakhazika misyoni m'caka ca 1889.

Pano ndipo pali codandaulitsa coyamba. Dzina la Dotolo Laws tilidziwa tonse, ndipo nkoyenera. Koma tafunsani anyamata oyimba kwaya kuti William Koyi anali yani, muone ngati ayankhe angati. Munthu ameneyu anali wakuda mnzathu, Mxhosa wophunzira ku Lovedale ku South Africa. Popeza cinenero cace cinafanana ndi Cingoni, ndiye anatha kulankhula ndi mfumu M'mbelwa ndi nduna zace masiku amene mikondo inali isanagone; anakhala ku Njuyu kuyambira 1882, namwalira komweko m'caka ca 1886. Mipingo yambiri ya ku Mzimba ndi ku Mzuzu ikolola m'munda umene iye anaswa mphanje. Mpingo woiwala munthu wotere uphunzitsa ana ace mosazindikira kuti Uthenga Wabwino unali nchito ya Azungu okha.

Caciwiri ndico mantha athu pa za makolo. M'caka ca 1986 mu Mzuzu munatsegulidwa nyumba yosungiramo zinthu zakale za mitundu ya kumpoto, Atumbuka, Atonga, Angoni ndi Ankhonde. Nyumba yotere ithandiza ndithu, koma iri ndi malire ace: ng'oma yoikidwa poonetsa siimba, ndipo cisango sicinena mwini wace. Cimafuna munthu wamkuru woima pambali pa mwana, kumuuza kuti ici cinali ca nchito yanji. Komatu Akristu ena aopa ngakhale kuyang'ana zotere, nati kutero nkubwerera kumdima. Tikumbukire kuti Mtumwi Paulo, pokhala ku Atene, anayendayenda napenyetsetsa zimene eni mudzi anapembedza, ndipo ulaliki wace unayambira pa guwa limene analipeza pamenepo. Momwemonso Donald Fraser, amene anatsegula Loudon ku Embangweni m'caka ca 1902, anamvetsera maimbidwe a Angoni, nalimbikitsa anthu onga Mawelera Tembo ndi Peter Thole kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a kwao. Akadatseka makutu, nyimbo zambiri zokoma za kumpoto sizikadakhalapo.

Sitinena kuti zonse za makolo nzabwino. Gule wa vimbuza, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005, ali wa mizimu ndi macilitso, ndipo mipingo yakhala ikutsutsana naye kuyambira kale. Kulemekezedwa ndi anthu akunja sikumasula mlandu umenewu. Koma mkuru wa mpingo wosadziwa cimene wodwala afuna popita ku ng'omazo, adzamthandiza bwanji? Woweruza mlandu asanaumve amalakwira mbali zonse ziwiri.

Cacitatu ticiona pa phiri la Hora, m'boma lomwelo la Mzimba, kumene Angoni asonkhana mwezi wa August pa mwambo wa Umthetho, nabvina ingoma atabvala zikopa ndi nthenga. Nkokoma kuona pfuko likumbukira makolo ace. Koma pa phiri lomwelo, ca m'ma 1880, Atumbuka ambiri otsata Baza Dokowe anaphedwa atapandukira Angoni. Lero zidzukulu za mbali zonse ziwiri zikwatirana, zidyera pa Gome limodzi la Ambuye. Wofotokoza za Hora anene zonse ziwiri, cimwemwe ndi maliro, pakuti mtendere umene tiri nao uoneka kukula kwace pokhapo tidziwa cimene unatha.

Nthawi siidikira. M'mwezi wa December 1915 panalibe Mzuzu. M'mwezi wa December 2015 nyumba ya mabuku ya Yunivesite ya Mzuzu inapsa ndi moto, ndipo mabuku zikwi zambiri anasanduka phulusa tsiku limodzi. Ngati mapepala atha motere, nanga nkhalamba, zimene caka ndi caka tiziperekeza kumanda pamodzi ndi zonse zimene zidziwa?

Cifukwa cace, abale, mukapitanso ku Mzuzu, patulani ora limodzi la kuona malo amenewa, ndipo mutenge mwana. Ndi inu akuru a mipingo ya kumidzi, musayembekeze a mumzinda. Yoswa anaimika miyala 12 ataoloka Yordano kuti ana adzafunse tanthauzo lace. Lembani m'buku la mpingo dzina la mphunzitsi woyamba wa kwanu, mtengo umene anthu anayamba kupempherapo, ndi pamene pali manda a obatizidwa oyamba. Ndipo muliwerenge poyera kamodzi pa caka. Mau a akuru akoma akagonera, koma agonera pokhapo wina wawasunga.