Nkhani ya Mbona ndi Alembi Ake

Munthu akangodziwa kugwira cholembera, mtima wake umafuna kulemba nkhani za kwawo. Chimenechi n'chabwino ndithu. Koma ambiri amayesa kuti kudziwa nkhani ndiko kudziwa kuilemba, ndipo apa m'pamene amasokera. Tiyeni tione nkhani imodzi imene anthu a kwa Malemia amaidziwa bwino, ndiyo ya Mbona, kuti tizindikire chimene kuwerenga kumachita kwa mlembi.

Mbona anali wodziwa kuitana mvula. Adani ake anamlondola m'chigwa cha Shire, namupha, nadula mutu wake. Kachisi wake ali m'nkhalango ya Khulubvi, m'boma la Nsanje. Koma mukafunsa kuti anamupha ndani, akuluakulu amasiyana. Ena amatchula Mlauli, malume ake, amene anachita nsanje poona kuti mwana wa mlongo wake wagwetsa mvula iye atalephera. Ena amati anali anthu a mfumu Lundu. Tsono mlembi atsate mawu a yani?

M'chaka cha 1948 kunatuluka buku la E. W. Chafulumira lotchedwa Mbiri ya Amang'anja. Iye anatenga zimene makolo ankasimba pakamwa, naziika papepala m'chinenero chathu. Ntchitoyi ndi yoyamikika, pakuti mawu a pakamwa amafa ndi mwini wake, koma olembedwa amakhala. Komabe buku limodzi lili ngati mboni imodzi pa bwalo la milandu. Woweruza wanzeru sagamula atamva mboni imodzi yokha.

Wansembe wina wa ku Holland, dzina lake Matthew Schoffeleers, anafika m'dziko muno m'chaka cha 1955, nagwira ntchito m'chigwa chomwechi. Anamvetsera akuluakulu ambiri, nalemba mawu a aliyense monga anawanenera. Anawerenganso zimene Apwitikizi akale analemba. M'buku lake la River of Blood, la 1992, anaika nkhanizo pamodzi, nazilinganiza. Iye anaona kuti m'kati mwa nkhani ya Mbona muli chikumbutso cha nkhondo za Lundu za m'zaka za pafupi ndi 1600. Akanangomva munthu mmodzi, kapena kuwerenga buku limodzi, sakanaona zimenezi.

Wachitatu ndi Steve Chimombo wa ku Zomba, amene sewero lake la The Rainmaker linasindikizidwa m'chaka cha 1978. Iye sanali mwana wa m'chigwa cha Shire, choncho anayenera kuiphunzira nkhaniyo kwa amene anaisunga ndi kuilemba iye asanayambe. Koma sanakopere. Anasankha zina, nasiya zina. Mdani wa Mbona m'seweroli ndi Kamundi, ndipo woonera amatsala akudzifunsa kuti: kodi wamkulu wokhala paudindo amachitanji akaona mnyamata wompambana luso? Funso limeneli ndilo lapatsa seweroli moyo, pakuti silikalamba.

Onani tsono. Nkhani ndi imodzi, koma mabuku ndi atatu, ndipo lililonse lili ndi ntchito yake. Woyamba anasunga, wachiwiri analinganiza, wachitatu anaumba chinthu chatsopano. Wobwera pambuyo anafika patali chifukwa anapeza njira italambulidwa ndi anzake, ndipo sananyoze kuiyenda.

Wina anganene kuti, ndikawerenga kwambiri ndidzayamba kuba mawu a eni. Iyayi. Amene amaba ndi uja anawerenga buku limodzi lokha, chifukwa sadziwa njira ina yonenera chinthu. Wowerenga mabuku ambiri amaona kuti nkhani ingayambe m'njira zosiyanasiyana, ndipo amasankha yoyenera nkhani yake. Paja akulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula, musafulumire potsegula buku. Werengani kawiri. Koyamba werengani kuti mumve nkhani. Kachiwiri dzifunseni mafunso atatu: mlembi wayambira pati? Wasiya chiyani osanena? Anthu ake akulankhula ngati anthu enieni kodi? Yesani zimenezi pa buku la Nthondo la Samuel Nthara, la 1933, limene limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa yake. Mudzaona kuti moyo wonse wa munthu sungalowe m'buku, ndipo luso la mlembi lagona pa kusankha.

Chigwa cha Shire chili ndi nkhani zambiri zoyembekeza alembi: za thonje, za njanji, za masiku amene Nsanje inkatchedwa Port Herald, za madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023. Amene anaziona ndi maso ndinu, ndipo akuluakulu ozidziwa akutha mmodzimmodzi. Bwerekani buku kwa mphunzitsi kapena kwa mnzanu, muliwerenge kawiri, kenaka mutenge cholembera.