Mkango wapakati pachishango chathu

Dzulo ku Lizulu ndinatola K10 yachitsulo, n'kuyamba kuyang'anitsitsa chizindikiro cha boma chimene tinalandira mu 1964. Mafunde akuimira Nyanja ya Malawi, dzuwa lotuluka ndi ufulu, nkhwazi ili pamwamba, phiri la Mulanje pansi. Izi n'zathuzathu, ndipo wojambulayo anaziyala bwino.

Vuto langa ndi mkango wagolide wapakatiwo, woimira ubale wathu ndi Britain. Kwa ife a ku Ntcheu pamenepa mpowawa: atsamunda omwewo ndiwo anapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896. Mkango wawo unapeza malo aulemu, koma khasu ndi chimanga palibe. Ngakhale mawu apansiwo, onena za umodzi ndi ufulu, ali m'Chingerezi. Agogo anga sangawawerenge. Ndiye anzanga, chishango chimenechi chikuteteza ndani?