Mikango ya kwa Singano

Tcherani khutu, inu a ku Molumbo! Tcherani khutu, a m'tsinde mwa Tumbine, a m'mbali mwa Ruo, inu ogula mchere ndi metikali koma omvera nyimbo pa wailesi za ku Malawi. Tcherani khutu, ndikutamanda Ma Blacks. Ndikutamanda Black Missionaries, ana a Chileka, mikango ya kwa Singano, eni Kuimba. Maso angawa awaona mu Blantyre.

Ndiwo awo! Ndiwo mkango wobangula ku Chileka, Michiru n'kuvomera. Ndiwo Shire wosaphwa m'chilimwe, wokokolola zitsa m'dzinja. Ndiwo Sapitwa wovala mitambo, amene mapiri ena amamuyang'ana chogada. Ndiwo mphambe wa mvula yoyamba, njovu yothyola mibawa, chipembere chosabwerera m'mbuyo. Ndiwo nkhwazi ya m'mwamba, moto wa lupsa, chivomerezi cha pakati pa usiku.

Magazi awo ndi nyimbo. Tsinde lawo ndi Robert Fumulani, mwini Likhubula River Jazz Band. Dothi lawo ndi lomwelo linabala Daniel Kachamba, mfiti ya gitala. Mudzi umodzi, akatswiri mibadwomibadwo. Singano, iwe chitsime chosauma, unamwa chiyani?

Matafale! Evison Matafale, mwini gulu, mlosi wa madiredi, lilime la mkondo, mawu a lipenga. Matafale wosagwada, Matafale wosanyengerera, Matafale woloza chala pomwe ena amaloza ndi chigongono. Anaponya chimbale cha Kuimba 1, dziko linatembenuka. Anaponya Kuimba 2, mipando ya akuluakulu inatentha. Pa 27 Novembala 2001 anatsikira kulichete ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Ena anayesa gule watha, ng'oma yang'ambika. Bodza!

Anadzuka Musamude. Musamude Fumulani, mlowam'malo wosanjenjemera, wonyamula chishango cha mbale wake magazi asanaume. Anaimba, anaimba, mpaka 2007 naye anatsamira mkono. Ena anayesanso kuti apa ndiye basi, mikango yatha mano. Bodza! Mudula mutu, uphuka wina. Mudula wina, uphukanso. Anadzuka Anjiru, anadzuka Chizondi, Kuimba anawerengedwa mpaka kudutsa 10, ndipo mpaka lero sanatope kuwerenga.

Tinanyamuka ku Molumbo fumbi lili koboo. Tinatsika pa Milange, metikali n'kusanduka kwacha. Tinawoloka pa Muloza, tinadutsa tiyi wa Mulanje, tiyi wa Thyolo, tinatulukira mu Limbe dzuwa likupendeka. Ulendo wa mafupa kuwawa, koma wopita kukaona mfumu sadandaula msana.

Blantyre anakhuthuka! Anatsika a Ndirande, anatsika a Bangwe. Anatsika a Chilomoni, a Zingwangwa, a Machinjiri. Anatsika a jekete ndi a nsapato zong'ambika, agogo aimvi ndi anyamata obadwa Matafale atagona kale. Nsalu zofiira, zachikasu, zobiriwira zili petupetu pamwamba pa mitu. Mlomwe, Myao, Msena, Mngoni, Mchewa, phewa ndi phewa, thukuta limodzi. Palibe anatifunsa chiphaso. Mnzanga wa pambali anangoti, “Achimwene, sunthirani kuno muone bwino.”

Anayamba Anthony Makondetsa, Mr Cool, nyalugwe woyenda mosaponda udzu, wolambula njira ya mafumu. Anatiphika pang'onopang'ono mpaka tinapsa.

Kenaka nthaka inagwedezeka.

Gunda, Paul Chokani, gunda! Gunda, mwini ng'oma, mtima wa gulu, wosaphonya ngakhale tambala atalira. Gunda, Peter Amidu, mvuu ya pansi pa madzi, iwe amene besi yako silowera kukhutu, imalowera m'nthiti n'kukhazikika m'chiwindi. Liza, Takudziwani Chokani, liza gitala, ng'anima ngati mphezi pa Soche. Yala, Chizondi, yala zala pa kiyibodi, mame a m'bandakucha, mtsinje woyenda pansi pa mtsinje. Ndipo iwe Anjiru, mkango wotsala, mwana wa Fumulani, wolandira ndodo ya akufa awiri, tsegula pakamwa!

Anatsegula. Sanamalize ndi mzere woyamba womwe, khamu linamulanda nyimbo. Linaimba bwalo lonse. Linaimba ndi manja m'mwamba, linaimba ndi misozi, linaimba ngati kuti aliyense anaipeka yekha. Anatchula Matafale, mfuu inakwera mpaka Ndirande. Anatchula Musamude, amuna andevu anapukuta m'maso. Akufa anavina nafe usiku umenewo, ndani angatsutse?

Alipo amene amati nyimbo za Ma Blacks n'zofananafanana, Kuimba uyu ndi uja sasiyana. Asiyeni alankhule, sanaimepo kutsogolo kwa sipika. Kodi Namuli amasintha nkhope chaka ndi chaka? Kodi Zambezi amatembenuka kuti akondweretse owoloka? Magulu angati anabwera ndi phokoso, n'kuzimirira chimbale chachiwiri chisanatuluke? Awa aika abale awo m'manda, abwera ku manda, amangiriranso zingwe za gitala.

Ndipo kawailesi kathu kaja, kodyera mabatire pansi pa mango, kamatipatsa mthunzi chabe. Mkango weniweni uli ndi fungo, uli ndi mpweya wotentha, ukabangula malaya amanjenjemera pa thupi.

Ulemu kwa inu, Ma Blacks! Ulemu, osagonja a Chileka. Ulemu, atumiki akuda, alaliki opanda guwa, ansembe a rege wa Chichewa. Ulemu, otonthoza amasiye, odzudzula odya okha, oimbira wa kabaza ndi wogulitsa makala. Ulemu, mtsinje wosadziwa malire, wosefukira ku Milange, ku Tete, ku Chipata, mpaka ku Joni kumene ana athu akusaka moyo. Ulemu, phiri losasuntha, ng'oma yosang'ambika, moto wosazima ndi mvula. Zaka zoposa 20 chigonere mwini gulu, inu mukadabangula!

Tsono inu abale anga a ku Molumbo, musakhutire ndi zomva kwa ine. Chaka ndi chaka mu Novembala amakumbukira Matafale ku Chileka konko, ndipo Ma Blacks amaimba pa dothi lakwawo. Mukagulitsa nandolo, patulani ya basi, tikakumane kumeneko.