Galamala ya Madamu Imayambira pa Ndiwo

Aliyense amene analemba mayeso a MSCE amadziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale masamu utakhoza chotani. N'chifukwa chake ana amaloweza "eat, ate, eaten" ngati nyimbo ya kwaya, koma uwafunse za dzulo m'Chingerezi, pakamwa pamauma. Pa sukulu ina yoyendera ya m'boma la Salima pali mphunzitsi wa Fomu 2 amene kaphunzitsidwe kake kamandigwira mtima. Iwo salemba lamulo pabolodi mpaka ana atalitchula okha, ndipo chimene amawakokera nacho ndi nkhani ya chakudya.

Amayamba ndi funso limodzi: "Have you ever eaten mbewa?" Kalasi yonse phokoso. Wina akuti inde, wina akukwinya nkhope, anyamata akumbuyo akulozana zala. Madamu amasankha mmodzi amene wakweza dzanja. Mwanayo amati, "Yes, I have eaten mbewa." Apa ndi pomwe pagona luso lawo. Samuyamikira n'kupita kwa wina, amangofunsa liwu limodzi: "When?" Mwana amayamba, "I have eaten them last year," ndipo Madamu amagwira khutu lawo ngati sanamve bwino. Amadikira, osathamangira kumupatsa yankho. Kawirikawiri mnzake wapambali ndiye amanong'ona, mwanayo n'kubwereza: "I ate them last year." Akatero wakhudza yekha lamulo limene mabuku amalifotokoza masamba angapo, loti m'Chingerezi ukangotchula nthawi imene chinthu chinachitika, "have eaten" amachoka, "ate" n'kulowa.

Chichewa chimathandiza mwanayo theka lokha. Tonse timadziwa kuti "ndadya" ndi "ndinadya dzulo" n'zosiyana, ndipo palibe amene anganene kuti "ndadya chaka chatha". Koma pofunsa ngati munthu analawapo chinthu m'moyo wake timati "unadyapo?", kugwiritsa ntchito nthawi yakale ija, pamene Chingerezi chimafuna "have". Madamu amadziwa kuti ana amapunthwa pamenepa, choncho mafunso awiriwa amawayika motsatizana nthawi zonse, kufikira khutu litazolowera.

Kusankha chakudya si mwangozi. Aneni amene amasokoneza ana, aja osalandira "-ed", adzaza kukhitchini ndi kumsika: buy, bring, catch, cut, drink, grind. Mwana wa msodzi akamafotokoza mmene bambo ake anaphera usipa usiku ndi nyali, sangathawe "caught". Akanena "catched", Madamu samudula mawu. Amayankha ngati munthu wofuna kumva nkhaniyo: "Oh, he caught a lot? And who sold it?" Mneni wolondola walowa m'khutu, nkhani ikupitirira, mwana sanachite manyazi. Zolakwika zonse amazilemba mwakachetechete pakapepala, ndipo kumapeto amaziika pabolodi popanda mayina a eni ake kuti kalasi ikonze pamodzi.

Chimene ndimachilemekeza koposa ndi funso limene iwo safunsa. Mabuku ambiri amakonda lakuti wadya chiyani m'mawa uno. Mu February, chimanga chisanache, ana ena amabwera kusukulu m'mimba muli pululu, ndipo funso lotere limawakakamiza kunama kapena kukhala chete. Madamu amafunsa za tsiku limene munthu anadya bwino koposa: ukwati wa achemwali, Khirisimasi, Eid, tsiku logwira ngumbi mvula yoyamba itagwa. Palibe mwana wosowa tsiku lotero. Ndipo kwa mwana wachisilamu amene sadya mbewa, yankho lakuti "No, I have never eaten them" amalilandira ndi chimwemwe chomwecho, poti "never" nayenso ndi phunziro la tsikulo.

Zina zimabwera zokha. Kusiyana kwa "much" ndi "many" kumatha ndi mbale imodzi: nsima siiwerengeka, mitanda imawerengeka. "Used to" amatuluka ana akamakamba za agogo amene ankaphika nyemba mu mphika wadothi.

Phunziro lawo lokongola kwambiri ndi la kondowole. Aphunzitsi ambiri amawopa kuphunzitsa ziganizo zimene wochita ntchito satchulidwa, zija amati passive voice, chifukwa ana amangotembenuza mawu osadziwa cholinga chake. Madamu amaitana mtsikana wa kwawo ku Nkhotakota kuti afotokozere anzake mmene ufa wa chinangwa umapangidwira. Mtsikanayo amayamba ndi "my mother", koma Madamu amamufunsa ngati ndi amayi ake okha amene amatero m'mudzimo. Ayi, aliyense. Ndiye wochitayo ndi wosafunika kumutchula. Pang'onopang'ono ziganizo zimafola pabolodi: chinangwa "is peeled", kenako "is soaked" m'madzi masiku angapo, "is dried" padzuwa, pomaliza "is pounded". Wina akalumpha sitepe yoviika, ana a kunyanja amakuwa kuti chinangwa chowawa chosaviika chimapha munthu, ndipo mkanganowo Madamu amaulola, bola uchitike m'Chingerezi. Ukazirala, aliyense amatsegula kope kulemba chimangirizo cha mmene thobwa kapena chigumu amapangira kwawo, iwo akuyenda pakati pa madesiki ndi cholembera chofiira, kuyang'ana ngati "is" uja sanaiwalidwe.