CHIPANDA CHIMODZI PA TSIKU: KODI NDI CHIZOLOWEZI, KAPENA UKAPOLO?

Kuno ku Chintheche, ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Bandawe kufikira ku Nkhata Bay, kuli mau amene amveka kawirikawiri pakamwa pa amuna achikulire, ndiwo akuti, "Ine sindine chidakwa ai, ndingomwa kamodzi pa tsiku, ndicho chizolowezi changa." Kuli mau enanso amene awayankha, otuluka makamaka pakamwa pa akulu a mpingo ndi pa akazi otopa nazo, akuti, "Yense wakumwa tsiku ndi tsiku ali kapolo wa mowa." Mau awiriwa alimbana m'manyumba ndi m'mabwalo a mpingo zaka zambiri, osagwetsana. Ife tifuna kuwaika onse pa muyeso, pakuti tiona kuti onse aphonya, ndipo kuphonya kwao kupweteka anthu. Onse awiri awerenga zipanda ndi masiku; komatu mlandu uwu udulidwa ndi chimene chichitika kwa munthu pa tsiku limene chipandacho chasowa.

Tiyambe takumbuka kuti funso ili makolo athu sanalidziwa monga tilidziwa ife. Mowa wa masese ufuna chimera, nkhuni, mbiya ndi masiku angapo a nchito ya akazi, ndipo ukapsa sukhalitsa, usasa msanga. Chifukwa chache unali mowa wa nyengo zache, wa dima, wa maliro ndi wa chikondwerero. Ukatha, anthu analinda kufikira wina afulula. Kuledzera kunalipo ndithu, ndipo mpingo umene unakula pa Bandawe, pamene Dr Robert Laws ndi anzache a Livingstonia anakhazika mishoni m'chaka cha 1881, unaletsa Akristu ache kumwa mowa. Koma lero zinthu zasanduka. Kachasu sasasa, asungika m'botolo mwezi wathunthu. Kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale yache ku Blantyre m'chaka cha 1968. Pambuyo pache kunadza mowa waukali wa m'masacheti, wotsika mtengo kotero kuti ndi ana a sukulu omwe anaugula, kufikira Boma linauletsa m'chaka cha 2015. Ndipo msodzi wa usipa alandira ndalama m'manja tsiku lomwelo limene akocheza. Mowa wa tsiku ndi tsiku wakhala chinthu chapafupi, ndipo tiyenera kuulingalira ndi nzeru zokwanira masiku athu.

Tiyese tsono mau oyamba aja. Chofoka chao chiri m'liu lakuti "kamodzi." Kamodzi ka chiani? Madotolo sawerenga zikho, ayesa mphamvu yoledzeretsa iri m'katimo. Ndipo Bungwe la za Umoyo la Dziko Lonse, lochedwa WHO, liwerenga magalamu 10 a mphamvuyo kukhala muyeso umodzi. Botolo la mowa la mamililita 330, la maperesenti 5, lisenza magalamu 13. Koma kachasu alibe chizindikiro cha mphamvu yache. Wa mai uyu asiyana ndi wa mai uyo, ndipo wodontha poyamba, amene amcha mutu, aposa wotsiriza kutali. Munthu akhoza kumwa miyeso isanu mwa kapu imodzi, nanena ndi mtima woona kuti wamwa kamodzi. Ndiponso kapuyo ikula ndi zaka, mwini wache osazindikira.

Akapanikizidwa, mwini mau awa athawira ku linga lachiwiri, nati, "Kodi munandiona ndiri kudzandira? Mutu wanga ngwolimba." Apa ndipo pamene adzitsutsa yekha. Nchito ya mowa m'thupi ndiyo kugonetsa ubongo. Mowa ukamafika tsiku ndi tsiku, ubongo udzilimbitsa kuti uukane, monga wopalasa bwato alimbikitsa nkhafi polimbana ndi mphepo. Chifukwa chache muyeso umene unamledzeretsa munthu kale sumgwiranso, ndipo afuna wina woposa. Kulimba mutu kumene anyadira kuli chimodzi cha zizindikiro zakuti thupi layamba kuyedzamira pa mowa.

Nanga mau achiwiri aja, akuti yense wakumwa tsiku ndi tsiku ali kapolo? Atuluka m'mtima wofuna zabwino, koma sali oona monse. M'chaka cha 2024 bungwe la WHO linalengeza kuti m'chaka cha 2019 anthu ngati 400 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matenda a kumwa mowa, ndi kuti mwa iwo ogwidwa ukapolo weniweni anali 209 miliyoni. Taonani, ngakhale mwa opwetekedwa ndi mowa omwe, okhala akapolo ali ngati theka lao. Tsono mau opyola choonadi abala zoipa ziwiri. Choyamba, nkhalamba ya kachikho kamodzi, podziwa kuti ainamizira, itseka makutu ku chilangizo chonse, ndi choona chomwe. Chachiwiri, munthu wakumwa pa kutha kwa mwezi pokha, amene akayamba saleka kufikira ndalama zatha ndi ana agona ndi njala, atuluka pa mlandu wosalakwa, popeza samwa tsiku ndi tsiku. Chinkana iyeyu akhoza kukhala womangidwa koposa nkhalamba ija.

Madotolo anavutika ndi funso lomweli zaka zambiri. Magnus Huss wa ku Sweden ndiye anapatsa nthenda ya uchidakwa dzina lache m'chaka cha 1849. M'chaka cha 1976 Griffith Edwards ndi Milton Gross analongosola zizindikiro za ukapolo wa mowa, nasonyeza kuti udza ndi makwerero, pang'ono kwa wina, kwambiri kwa wina. M'ndondomeko ya matenda ya WHO imene inayamba kugwira nchito m'chaka cha 2022 zizindikirozo ziri zitatu, ndipo ziwiri zikapezeka pamodzi kwa nthawi yaitali, dotolo ayesa kuti ukapolo ulipo.

Choyamba ndicho kulephera kudzilamulira: munthu ati amwe kamodzi, namwa kanai, alumbira kuti aleka, nabwerera lisanathe sabata, ndipo kawirikawiri chibaba chimsautsa m'maganizo.

Chachiwiri ndicho mowa kukhala pa mpando wa patsogolo: ukonde ukhala wosasokedwa, munda wa chinangwa umera thengo, ndalama ya sukulu ya mwana ipita kwa wocheza kachasu, ndipo munthuyo apitirira kumwa ngakhale aona ndi maso ache kuti mowa uli kumuononga.

Chachitatu chiri m'thupi: kufuna muyeso wokulirakulira, ndi kudwala pamene mowa wasowa, ndiko kunjenjemera manja, thukuta, nseru, mtima kugunda ndi kusowa tulo, zimene zileka akangomwanso.

Onani kuti mwa zitatuzi mulibe chiwerengero cha zipanda.

Pali chinthu chimodzi chimene ife a kunyanja tiyenera kuchikonza m'nzeru za madotolo a kutali. Dr John Ewing wa ku America anafalitsa mafunso anai oyesera wakumwa m'chaka cha 1984: ngati anaganizapo zochepetsa, ngati apsa mtima anthu pomdzudzula, ngati mtima umtsutsa chifukwa cha kumwa kwache, ndi ngati amwa m'mamawa kuti thupi likhazikike. Funso lachinai ndilo lolemera. Koma anthu ambiri kuno alisenzetsa osayenera. Msodzi wa usipa apita pa nyanja usiku ndi nyali zache, nakocheza mbanda kucha. M'mawa mwa ife ndiwo madzulo ache. Tikamuona ndi kapu dzuwa liri kutuluka, sitinapeze umboni wa ukapolo. Funso lomyenera ndi ili: kodi podzuka ku tulo tache masana, manja ache akhoza kumanga chingwe ndi kusoka ukonde asanamwe? Ngati ayamba wamwa kuti akhoze kukwera m'bwato, ameneyo ali m'tsoka lalikulu, iye ndi onse okwera naye, pakuti nyanja usiku sikhululukira phazi lodzandira.

Ndipo nyanja yomweyo itipatsa muyeso wabwino woposa mikangano yathu. M'miyezi ya chisanu, mwera ukaomba masiku angapo, mabwato akhala pa mchenga ndipo ndalama zisowa. Pamenepo yang'anirani. Wa chizolowezi chabe amva kusowa pang'ono, monga wozolowera tiyi amene shuga wamthera. Adandaula, nagona tulo tache. Koma womangidwa sakhazikika: akwiyira ana popanda chifukwa, akongola kwa wocheza kachasu, apinyolitsa nyali kapena ukonde, ndipo manja ache anjenjemera. Mkazi wache adziwa yankho kale, ngakhale sanafunsidwa. Tsono iye amene anena kuti chache ndi chizolowezi, ndipo thupi lache silidwala akapanda kumwa, atsimikize mau ache: akhale mwezi umodzi wosalawa konse. Ngati mweziwo upita mosavuta, wanena zoona. Ngati aupeza wautali monga chaka, nayamba kufuna zifukwa zoudulira pakati, wadziwa chimene sanafuna kudziwa.

Apa tiri ndi chenjezo lalikulu kwa akulu a mpingo ndi kwa abale onse ofuna kuthandiza. Mwambo wathu ndiwo kuuza wakumwa kuti, "Lekani lero lomwe." Kwa wa chizolowezi mau awa ali abwino. Koma kwa munthu wakumwa kwambiri masiku onse, amene anjenjemera mowa ukasowa, kuleka mwadzidzidzi kukhoza kumupha. Kumbukani wopalasa uja: mphepo ikaleka kamodzi iye ali chilimbikire ndi nkhafi, bwato lipenduka. Momwemo ubongo wozolowera kukana mowa uthamanga wopanda choubweza. Kunjenjemera kuyamba tsiku loyamba lomwe. M'masiku awiri oyamba ena agwa ndi kuphupha ngati a khunyu. Ndipo pa tsiku lachiwiri kufikira lachinai ena asokonezeka mutu, nabwebweta, naona zinthu zosakhalapo. Pamenepo anthu ati walodzedwa, kapena wagwidwa ndi ziwanda, nataya nthawi. Iai, ndi nthenda ya thupi, ndipo mankhwala ache alipo. Wotere asaleke yekha m'nyumba. Mperekezeni ku chipatala cha Chintheche kapena cha Nkhata Bay, ndipo anene zoona za muyeso wa kumwa kwache. Ku Mzuzu kuli a St John of God, amene athandiza odwala maganizo ndi omangidwa ndi mowa. Kumdula munthu mu mpingo ndi kumsiya yekha ndi manja onjenjemera kuli kutsiriza mlandu pamene nchito iyenera kuyamba. Mutu umodzi susenza denga.

Koma asakondwere msanga iye amene wapezeka wa chizolowezi chabe. Kusakhala kapolo sikutanthauza kusapwetekedwa. M'chaka cha 1988 bungwe la WHO lofufuza za khansa linaika mowa pakati pa zinthu zodziwika ndithu kuti zibala khansa, monga ya m'kamwa, ya kum'mero ndi ya chiwindi. Ndipo m'chaka cha 2023 WHO inanena poyera kuti palibe muyeso wa mowa umene tinganene kuti suika moyo pangozi. Chiwindi chimene chilandira mowa masiku onse chiribe tsiku lopuma. Awerengenso mtengo: kamodzi pa tsiku ndiko ka 365 pa chaka, aike ndalamayo pambali pa mtengo wa malata kapena wa sukulu, aone yekha. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Ndipo akapolo ambiri a mowa anayamba ndi chizolowezi chomwechi, osadziwa tsiku limene anaoloka malire.

Chifukwa chache, abale, tileke kutayana mau awiri aja. Wakumwa aleke kubisala kumbuyo kwa "kamodzi," nadzifunse ngati akhoza kukhala wopanda. Wodzudzula ayambe wafunsa, asanatchule dzina la kapolo: kodi munthuyu adwala mowa ukasowa? Ngati sadwala, mlangizeni aleke njira ikali yapafupi. Ngati adwala, mgwireni dzanja kunka naye kwa dotolo, ndipo pobwera musamsiye yekha m'masiku a chibaba.