Malenzi Akale pa Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Munda wa tiyi ndi mayeso ovuta kwa lenzi ya kamera. Munthu akayang'ana zitunda za ku Satemwa kapena ku Makwasa amati kwangobiriwira, koma kubiriwirako n'kosiyanasiyana. Nsonga zanthete zimene othyola amatsina, masamba awiri ndi kamphukira, zimapita ku chikasu. Masamba okhwima a pansi pake ndi oderapo, ndipo amanyezimira dzuwa likawomba. Mabulugamu a m'malire ndi otuwa, pamene nkhalango yotsalira m'zigwa ndi yakuda bii. Lenzi yosatha kulekanitsa mitundu inayi imeneyi siyenera ku Thyolo, kaya ndi yotchuka chotani.

Malenzi a makamera a filimu anadzukanso chifukwa cha makamera opanda kalilole m'kati. Pa kamera yakale, kalilole ankafuna malo, choncho lenzi ya mtundu wa M42, yomanga mopotokola, inkakhala mamilimita 45.46 kuchokera pa filimu. Pa makamera a Sony opanda kalilole mpatawu ndi mamilimita 18 okha, ndipo danga lotsalalo limatsekedwa ndi kachitsulo kopanda galasi kotchedwa adaputa. Chitulukireni Sony a7 mu 2013, yomwe sensa yake n'njofanana kukula ndi filimu ya 35mm, malenzi amene ankangogona m'makabati anapeza ntchito. Fokasi n'njapamanja, bowo lolowera kuwala nalonso n'lapamanja. Kwa wojambula malo zimenezi si vuto, poti phiri silithawa.

Tiyambe ndi Helios 44-2, ya 58mm f/2, yopangidwa ku Soviet Union potengera Biotar ya Carl Zeiss, imene inkabwera ndi makamera a Zenit. Achinyamata amaikonda chifukwa ukatsekula bowo lonse, zakumbuyo kwa munthu zimachita ngati zikuzungulira. Pojambula nkhope imeneyo ndi mphatso. Pojambula munda ndi chilema. Kukongola kwa tiyi kuli m'mizere yake, mmene ikukhotera kutsata chitunda mpaka m'mphepete mwa chithunzi, ndipo m'mphepetemo ndi momwe Helios imafookera. Ukachepetsa bowo kufika pa f/8 imawongokera, koma pamenepo yataya chimene unaigulira. Komanso imaopa dzuwa. Phiri la Mulanje lili kum'mawa kwa Thyolo, ndiye wofuna kulijambula m'bandakucha amayang'anizana ndi dzuwa lotuluka. Kuwala kukalowa mu Helios chamaso, chithunzi chonse chimayera mbuu, zobiriwira zinayi zija n'kusakanikirana.

Malenzi a Takumar a kampani ya Asahi ya ku Japan amapirira bwino. Koma m'banja lomweli muli kusiyana kofunika. Super-Takumar za m'ma 1960 zinapakidwa mankhwala ochepa oletsa kunyezimira kwa galasi. Mu 1971 kunabwera Super-Multi-Coated Takumar, zopakidwa kangapo, ndipo zimenezi ukaloza nazo kudzuwa mithunzi ya pansi pa zitsamba imakhalabe yakuda, nsonga zowala n'kuonekera pazokha. Super-Takumar 50mm f/1.4 zambiri zili ndi galasi losakaniza thorium, lomwe limasanduka lachikasu pakapita zaka. Ena amati chikasucho chimakometsa kuwala kwa madzulo. Pa tiyi chimapangitsa masamba okhwima kuoneka ngati anthete, ndipo munda umanama msinkhu wake. Kamera yamakono ikhoza kukonza mtunduwo, koma wojambula ayenera kudziwa kuti akukonza chiyani.

Nkhani yaikulu kuposa mayina ndi ya kutalika kwa lenzi. Ambiri amaganiza kuti malo otambalala amafuna lenzi yoona motambalala, ndiye amathamangira 28mm. Takumar 28mm f/3.5 ndi yabwino ndithu ukaiika pa f/8 kapena f/11, ngakhale kuti pa kamera ya sensa yaing'ono imaona ngati 42mm. Koma imakankhira zinthu kutali. Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, amasanduka kamtumbira chabe, theka la chithunzi n'kukhala thambo lopanda kanthu. Lenzi ya 28mm imagwira ntchito ukagwada pafupi ndi chitsamba, tsamba lonyowa ndi mame lili pamphuno pa kamera, mizere ikuthawira kumtunda.

Ine ndimati lenzi ya ku Thyolo ndi yaitali: Takumar 135mm f/3.5 kapena Nikkor 105mm f/2.5. Malenzi oterewa anali osavuta kupanga bwino, n'chifukwa chake ngakhale akale amakhala akuthwa mpaka m'makona. Amasanjikiza zitunda, china pamwamba pa chinzake, ndipo phiri limabwera pafupi n'kudzaza kumbuyo konse. Nthawi yake ndi masana akapendeka, dzuwa lili kumsana kwako likuwomba matanthwe a Mulanje, makamaka mvula itangotsuka mpweya. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimabisa phirilo, ndipo palibe galasi lomwe lingaliboole. M'nyengo yozizira chiperoni chikatsika, kuwala kumafewa kale, tsono lenzi yofewa imangophetsa chithunzi. Pa nkhungu pamafunika lenzi yolekanitsa bwino mdima ndi kuwala, kuti mtengo wapafupi ude, wachiwiri utuwe, wachitatu uzimiririke.

Pali zinthu ziwiri zimene wogulitsa sanena. Maadaputa ambiri otchipa amapitirira malire a kutali, moti ukapotokola fokasi mpaka kumapeto phiri limaoneka lachimbuuzi. Kuza chithunzi pa sikirini n'kubweza fokasi pang'ono. Chachiwiri ndi chinyezi. Mvula yomwe imakulitsa tiyi imakulitsanso chuku m'kati mwa galasi. Musanalipire, walitsani tochi kumbuyo kwa lenzi, bowo lili lotsekula: mukaona timaulusi toyera toyanga kuchokera m'mphepete, isiyeni, chifukwa chuku chikakhalitsa chimadya mankhwala opaka aja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amagula malenzi akale pofuna zilema zake. Kuyera mbuu, kufewa ndi chikasu zimapatsa chithunzi maonekedwe a makedzana, ndipo ku Thyolo makedzana ali ndi mbiri yake. Tiyi anayamba kudzalidwa m'bomali cha m'ma 1908, Satemwa inakhazikitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo minda ya m'dera lonseli inakula m'nyengo ya thangata, ndi thukuta la anthu ambiri, kuphatikizapo Alomwe ochokera ku Mozambique. Zitsamba zimalingana msinkhu chifukwa pali manja amene amazidulira ndi kuzithyola mobwerezabwereza. Chithunzi chofewa chimafufuta manja amenewa, munda n'kuoneka ngati unangomera wokha, ndipo mayi wonyamula dengu kumsana amasanduka kadontho kokometsera zobiriwira.

Lenzi ya 135mm ili pa f/8 imaonetsa zala zikutsina nsonga, pulasitiki yomangidwa m'chiuno kuteteza ku mame ndi nthambi, ndiponso mzere wolekanitsa pothyoledwa kale ndi posathyoledwa. Imaonetsanso nkhope moti munthu angadziwike, choncho wojambula ayambe wapempha chilolezo ku ofesi ya esiteti, kenako n'kupita kwa mwini nkhopeyo: "Mayi, mungalole kuti ndikujambuleni?" Akakana, lozani kamera kwina. Lenzi yakale imachedwetsa munthu, ndipo nthawi imene imakupatsa ukupotokola fokasi ndi yokwanira kupereka moni ndi kufunsa funso limeneli.